Mbalame ya dongo imene inatikanganitsa

Tinali anayi pagulu lathu, ndipo ntchito imene anatipatsa aphunzitsi athu a kaphunzitsidwe ka mbiri yakale inkaoneka yophweka. Anati tikonze phunziro la mphindi 40 lonena za ufumu wa Great Zimbabwe, tikaliphunzitse kwa ana a Fomu 2 pa sekondale ina yoyendera imene ili pafupi ndi koleji yathu, ndipo tipite ndi chinthu choti anawo achione n'kuchigwira. Ndalama zogulira matchati tinalibe. Wina anakumbutsa za TALULAR, ija amatiuza tsiku ndi tsiku kuti mphunzitsi weniweni amagwiritsa ntchito zimene zili pomwe alipo. Tinagwirizana kuti tikakumbe dongo kudambo, tiumbe mbalame ya Zimbabwe, ija imaoneka pambendera ya dzikolo.

Mmodzi wa ife, mlongo amene timaimba naye kwaya, anakana. Anati mbalame imeneyo ndi fano, kuti anthu ankaigwirizanitsa ndi mizimu ya mafumu amene anamwalira, ndipo iye sangaike dzanja lake pa dongo limenelo. Sitinamuseke. Tonse anayi tinachokera ku masekondale a mpingo ndipo tinaleredwa mofanana. Lamulo lachiwiri tinaliloweza tisanadziwe n'komwe kulemba dzina lathu. Tili ana, ng'oma za gule wamkulu zikamveka kutali, amayi ankatilowetsa m'nyumba n'kutseka chitseko. Timakhulupirira kuti akufa ali m'tulo ndipo salankhula ndi amoyo, ndiye chilichonse chosemedwa chimene anthu ankati chili ndi mzimu tinkachilambalala. Mlongoyo ananena mokweza zimene tonsefe tinali nazo mumtima.

Vuto linali lakuti phunzirolo linali pa silabasi, ndipo mwana wa boma adzalemba mayeso ake kaya mphunzitsi wake ndi wa mpingo uti. Choncho tinaganiza zoyamba tadziwa kuti mbalameyi ndi yotani, tisanaikane kapena kuiumba. Madzulo angapo tinkakumana m'laibulale, wina ndi buku, wina ndi foni, mpaka bandulo kutha.

Mbalame zimenezi zilipo zisanu ndi zitatu, zosemedwa pa mwala wofewa, ndipo iliyonse inkakhala pamwamba pa mzati wamwala. Zina zili ndi milomo ndi zala ngati za munthu. Zinapezeka m'mabwinja a mzinda umene makolo a Ashona anamanga posanja miyala popanda matope, pafupi ndi tauni ya Masvingo, kuyambira cha m'ma 1100 mpaka cha m'ma 1450. Mu 1889 mlenje wina wachizungu, Willi Posselt, anafika pamalopo n'kusirira imodzi. Eni malowo anamuletsa, koma iye anabweranso ndi mabulangete ndi tinthu tina, ndipo poona kuti mzati unali wolemera anadula mbalameyo n'kusiya mzati. Anakaigulitsa kwa Cecil Rhodes, amene anakaiika m'nyumba yake ya Groote Schuur ku Cape Town. Mu 1891 Theodore Bent anatenga zina n'kupita nazo kunyumba yosungiramo zinthu zakale mumzinda womwewo. Theka la mbalame ina linadutsa m'manja mwa mmishonale wa ku Germany n'kukafika ku Berlin, kenaka asilikali a Soviet Union analitengera ku Leningrad itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo linabwerera kwawo mu 2003. Zinayi zimene zinali ku Cape Town zinabwezedwa mu 1981, dziko la Zimbabwe litangolandira ufulu.

Chimene chinatipweteka kwambiri si kutengedwa kwa miyalayo kokha ayi. Amene anaitenga anatenganso nkhani yake n'kuisintha. Bent ndi anzake ankaphunzitsa kuti munthu wakuda sakanatha kumanga mzinda wotere, kuti unamangidwa ndi alendo ochokera kutali monga Afoinike, ndipo ena ankatchula mfumukazi ya ku Seba. Mu 1929 katswiri wofukula zakale, Gertrude Caton-Thompson, atakumba pamalopo anatsimikiza kuti omanga ake anali Aafirika, koma boma la azungu la Rhodesia linapitirizabe kubisa zimenezi kwa zaka zambiri. Tinaona kuti chinthu chikachoka m'manja mwa eni ake n'kukaikidwa m'bokosi lagalasi, chimene chimatsala chikulankhula ndi kapepala kamene kamatidwa pambali pake, ndipo wolemba kapepalako ndiye amauza dziko kuti eni ake anali ndani.

Tili mkati mofufuza, mnzathu wina anatembenuza foni yake kuti tione chithunzi. Chinali cha mtsikana ataima pa kansanja, nkhope itaphimbidwa ndi mikanda, manja atatambasula, ndipo kumanjako kuli mapiko opangidwa ndi tsitsi. Kumbuyo kwake chimakina chonyamulira katundu chinali chitanyamula chiboliboli cha munthu wokhala pampando. Mtsikanayo ndi Sethembile Msezane, amene panthawiyo ankaphunzira zaluso pa yunivesite ya Cape Town. Tsikulo linali 9 April 2015, pamene chiboliboli cha Rhodes chinachotsedwa payunivesitepo ophunzira atachita zionetsero kwa mwezi wathunthu. Msezane anadziveka ngati mbalame ija imene Rhodes anagula, imene nthawi imeneyo inali idakali ku Groote Schuur, pafupi ndi pomwe anaimapo. Ntchito yakeyo anaitcha Chapungu, dzina la Chishona la mtundu wina wa chiwombankhanga. Anaima pamenepo pafupifupi maola anayi, atafulatira chibolibolicho, akukweza ndi kutsitsa mapiko ngakhale manja ankamuwawa.

Tinachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Msezane sanathyole chitseko cha nyumba ya Rhodes kuti akatenge mbalameyo. Analibe mphamvu yolemba kalata ya boma yoitanitsa. Chimene anali nacho ndi thupi lake, mikanda ndi tsitsi. Koma kuyambira tsiku limenelo, aliyense woona chithunzi cha kuchotsedwa kwa Rhodes amafunsa kuti mtsikana wamapikoyo akuimira chiyani, ndipo akafunsa amamva za Posselt, mabulangete ake ndi mzati wodulidwa. Mbalame imene inakhala chete m'nyumba ya mwini chuma kwa zaka zoposa 120 inayamba kukambidwa ndi anthu amene sanaionepo.

Mlongo wathu sanakhutire. Anati pali anthu ku Zimbabwe amene amakhulupirira kuti dziko lawo silidzakhala pamtendere mpaka mbalame zonse zitabwerera, ndipo kwa iye zimenezo ndi kupereka kwa mwala mphamvu imene ndi ya Mulungu yekha. Pamenepo tinagwirizana naye. Ifenso sitikhulupirira kuti mwala ungabweretse mtendere. Koma tinayamba kuona kuti m'mutu mwathu tinkasakaniza mafunso awiri: lakuti chinthuchi tichipembedze kapena ayi, ndi lakuti chinthuchi n'chayani. Loyambalo yankho lake tinali nalo kale. Lachiwirilo tinali tisanadzifunsepo.

Aphunzitsi athu atamva za mkanganowu sanatiuze chochita. Anatibwereka laputopu yawo kuti tionere filimu yotchedwa Dahomey, imene anapanga Mati Diop, mayi wa ku France amene bambo ake ndi a ku Senegal. Filimuyi inapambana mphoto yaikulu pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Berlin mu 2024. Nkhani yake ndi ya kumadzulo kwa Africa, m'dziko la Benin. Mu 1892 asilikali a France otsogozedwa ndi Alfred Dodds analanda Abomey, likulu la ufumu wa Dahomey, n'kutenga mipando yachifumu, zitseko za nyumba ya mfumu ndi ziboliboli. Zinthuzi zinakathera ku Paris, ndipo mu November 2021 boma la France linabweza 26 mwa izo kuchokera m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Quai Branly. Kuti timvetse kuchepa kwa nambala imeneyi, lipoti limene Felwine Sarr ndi Bénédicte Savoy analemba mu 2018 linati m'nyumba zoterezi za boma la France muli zinthu pafupifupi 90,000 zochokera ku Africa ya kumwera kwa chipululu cha Sahara.

Diop anachita chinthu chimene kapepala ka m'bokosi lagalasi sikangachite. Anapatsa mawu chiboliboli cha mfumu Ghezo, chimene pamndandanda chinali nambala 26, kuti chizilankhula m'chinenero cha Chifon. Akamachikhomera m'bokosi lamatabwa, ifenso oonera timatsala mumdima. Mlongo wathu anatsonya pang'ono atamva chiboliboli chikulankhula, koma mnzathu wina anamukumbutsa kuti ndi wolemba amene analemba mawuwo, monga ifenso timalankhulitsira Kalulu ndi Fisi m'nthano popanda kukhulupirira kuti nyama zimayankhula.

Gawo limene linatigwira mtima ndi la ophunzira a pa yunivesite ya Abomey-Calavi, anthu a msinkhu wathu, atakhala m'holo n'kumatsutsana. Ena ankati kubweza 26 pamene masauzande atsala ndi chipongwe. Ena ankati ndi poyambira. Ena ankadandaula kuti akukambirana za chuma cha makolo awo m'Chifalansa, chinenero cha amene anachilanda. Ena ankafunsa ngati mwana wa kumudzi adzakhale ndi ndalama yokwerera galimoto kukaona zinthuzo. Tinadziona tokha. Ifenso mbiri ya makolo athu timaiphunzira m'Chingelezi, ndipo mwa anayife mmodzi yekha ndiye analowapo m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri, paulendo wa sukulu ali Sitandade 6, ndipo chimene amakumbukira ndi injini ya sitima imene ili panja.

Lachisanu dzuwa litalowa, titatsegula Sabata, nkhaniyi inatitsatira ku hositelo. Amene anaitembenuza ndi mlongo yemwe uja. Anati wakhala akuganizira buku la Danieli, limene ife Aadventi timalikonda kwambiri. Timathamangira ku chaputala 2 ndi chaputala 8, koma bukuli limayamba ndi nkhani ya zinthu zolandidwa: Nebukadinezara anatenga ziwiya za m'kachisi wa ku Yerusalemu n'kukaziika m'nyumba ya chuma cha mulungu wake ku Babulo. Mu chaputala 5, Belisazara anazitulutsa kuti amweremo vinyo pamaso pa alendo ake, ndipo usiku womwewo ufumu wake unatha. Buku la Ezara limayamba ndi Koresi akutulutsa ziwiyazo, msungichuma wake akuziwerenga chimodzichimodzi, zonse pamodzi 5,400, kuti zibwerere kwawo. Anati sanaganizepo kuti Baibulo limasamala zowerenga mbale ndi mabeseni a anthu ogonjetsedwa.

Kenaka anadzitsutsa yekha. Anati ziwiya zimene zija zinali za Mulungu woona, pamene za ku Abomey ndi ku Great Zimbabwe zinali za chipembedzo china, ndiye sitingazifananize. Zimenezo n'zoona, ndipo sitikuzifananiza pa kupatulika. Koma lamulo lachisanu ndi chitatu lilibe mawu oti kuba n'kololedwa ngati mwini katunduyo sapemphera nafe. Ngati mnansi wathu ali ndi chinthu chimene ife sitingachisunge m'nyumba mwathu, titha kukambirana naye, titha kumulalikira, koma tilibe ufulu wothyola nyumba yake n'kukachionetsa kwa alendo polipiritsa pakhomo. Tinazindikira kuti kwa zaka zambiri mantha athu a lamulo lachiwiri ankatitseka pakamwa pa nkhani ya lamulo lachisanu ndi chitatu. Tikamva kuti zosema za Aafirika zili ku London kapena ku Berlin, mumtima tinkati bola zili kutali. Sitinkafunsa kuti zinapita bwanji.

Pamene tinkakonza phunzirolo tinakumbukiranso mmisiri wa kwathu konkuno. Samson Kambalu, amene anaphunzira ku Kamuzu Academy ndi ku Chancellor College ndipo amaphunzitsa zaluso ku Oxford, anatenga chinthu china chotsala cha nthawi ya atsamunda, chithunzi cha 1914. Pachithunzipo John Chilembwe waima ndi mmishonale wachizungu John Chorley kutsogolo kwa tchalitchi chatsopano cha Chilembwe ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, ndipo Chilembwe wavala chipewa, chinthu chimene munthu wakuda sankaloledwa kuchita pamaso pa mzungu. Chaka chotsatira, zitachitika za January 1915, tchalitchicho chinagwetsedwa ndi boma ndipo chithunzi n'chimene chinatsala. Kambalu anaumba anthu awiriwo n'kukulitsa Chilembwe kufika pafupifupi mamita 5, Chorley n'kumusiya pamsinkhu wa munthu wamba. Ntchitoyi, yotchedwa Antelope, inaima pabwalo la Trafalgar Square ku London kuyambira mu September 2022 mpaka 2024. Sanawonjezere munthu kapena kuchotsa munthu. Anangosintha amene diso liyenera kuyamba kumuona.

Nkhani ya Chilembwe si yachilendo kwa ife a mpingo uno. Joseph Booth, amene anabatiza Chilembwe n'kupita naye ku America mu 1897, ndi yemweyo amene anathandiza Aadventi kupeza mishoni ya Plainfield ku Thyolo mu 1902, imene mu 1907 inatchedwa Malamulo. Mbiri ya nthawi ya atsamunda ndi mbiri ya mpingo wathu zinakulira pabwalo limodzi. Amishonale anatibweretsera sukulu, zipatala ndi Uthenga umene tikuukhulupirira, ndipo timayamika. Koma ena mwa amishonale a nthawi imeneyo, monga uja wa theka la mbalame, anatumizanso kwawo zinthu za eni dziko. Kunena zonse ziwiri si kunyoza chikhulupiriro chathu. Mphunzitsi wa mbiri amene amanena theka la nkhani akuchita zomwe zija ankachita Bent.

Mbalameyo tinaiumba atatu. Mlongo wathu sanagwire dongo, ndipo sitinamukakamize, pakuti chikumbumtima cha munthu sachiponderezera mamakisi. M'malo mwake anapempha katoni kugolosale n'kujambulapo mapu a ulendo wa mbalamezo: Masvingo, Cape Town, Berlin, Leningrad, ndi mivi yobwerera yolembedwa zaka. Kunena zoona, mapu akewo anali abwino kuposa mbalame yathu, imene itauma inang'aluka pakhosi n'kumaoneka ngati nkhuku yodwala chitopa.

Tsiku la phunziro tinaika mbalameyo patebulo n'kulemba pabolodi mawu amene tinapeka tokha motsanzira timapepala takale ta m'nyumba zosungiramo zinthu: chosema cha anthu osadziwika, chopezedwa ndi mzungu mu 1889. Tinawafunsa anawo ngati mawuwo anali oona. Poyamba kunali zii. Kenaka mnyamata wina wa kumbuyo anakweza dzanja n'kunena kuti, "Sala, ngati anthu anamuletsa, ndiye kuti sanachipeze, anachitenga." Mtsikana wina anati anthuwo sangakhale osadziwika chifukwa ana awo alipo mpaka lero. Tinawagawa m'magulu kuti aliyense alembe kapepala kake m'Chichewa, ndipo mlongo wathu anawayendetsa pamapu ake ndi ndodo, akufotokoza bwino kuposa tonsefe. Mwana wina atamufunsa ngati mbalameyo ili ndi mizimu, anayankha modekha kuti eni ake ankakhulupirira choncho, iye sakhulupirira choncho, koma mbalameyo ndi yawobe.

Belu litatsala pang'ono kulira, mtsikana uja anafunsa kuti, "Madamu, nanga zathu za kuno?" Tinawauza za Chichiri, za Karonga, ndi za ku Mua kumene kuli Kungoni. Koma tinawapatsanso ntchito yokachita kunyumba: aliyense akapeze chinthu chakale kwambiri pakhomo pawo, akafunse agogo kuti anachipanga ndani, ankachigwiritsa ntchito yanji ndipo chinafika bwanji pakhomopo, n'kudzalemba m'mizere isanu. Aphunzitsi a kalasiyo anatiuza pambuyo pake kuti ana anabwera ndi nkhani za mitondo, mikanda, mphika wa agogo a agogo, mpeni wosulidwa ndi mmisiri wa m'mudzi, ndi Baibulo lothothoka masamba limene linayenda wapansi kuchokera ku Thyolo. Mwana wina anadandaula kuti agogo ake anagulitsa kampando kosema kwa munthu wodutsa pagalimoto pamtengo wosakwana thumba la chimanga, ndipo palibe anajambula kapena kulemba dzina la amene anakasema.

Nkhani ya mwana ameneyo ndi imene tinabwerera nayo kukoleji. Kubweza zinthu zimene zili ku Ulaya ndi ntchito ya maboma, ndipo imayenda pang'onopang'ono. Koma Msezane, Diop ndi Kambalu sanadikire maboma. Aliyense anatenga chimene anali nacho, wina thupi, wina kamera, wina chithunzi chakale, n'kubwezera nkhani m'kamwa mwa eni ake. Ifenso posachedwapa tidzakhala ndi choko ndi ana 80 kapena 100 m'kalasi limodzi. Ngati tidzadumpha mitu imeneyi chifukwa cha mantha, kapena kuiphunzitsa monyoza, anawo adzakula akuganiza kuti makolo awo sanapange kanthu koyenera kusungidwa, ndipo kampando kotsatira kadzapitanso pagalimoto. Tikhoza kukhala okhulupirika pa zimene timapembedza n'kukhalanso oona pa zimene zinachitika.

Tikupempha anzathu a zamaphunziro, ndi akuluakulu a mipingo amene mumawerenga magazini ino, kuti nkhaniyi tizikambirana poyera, ku kalasi, ku AY ndi ku Pathfinder. Pokonza maulendo a achinyamata, tiziikamo nyumba zosungiramo zinthu zakale, osati kunyanja kokha. Ndipo popita kutchuthi, tiyeni tikakhale pansi ndi agogo, kope ndi cholembera zili m'manja, iwo akadali ndi mphamvu yotiuza kuti mtondo uja anausema ndani.

Mbalame yathu ya dongo ili pawindo la chipinda cha aphunzitsi athu, khosi litamatidwa ndi guluu. Mapu a mlongo wathu anatsala kusukulu kuja, chifukwa ana anakana kuti tiwatenge.